NDEMANGA: Wogula magalasi pakhomo apatsidwe masiku oganizila

Caka ciliconse nyengo yokolola ikatha ndipo ndalama za cimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa ndi thonje zikayamba kulowa m'matumba a alimi, midzi ya ku Petauke ndi ku Nyimba imalandila alendo ambili. Ena amabwela ndi masikelo kudzagula mbeu, ena ndi salaula, mapoto ndi masola. Pakati pa alendowa palinso anthu opima maso ndi kugulitsa magalasi. Iwo amaika thebulo pakhonde la chalichi, pasukulu kapena pashedi ya kopaletivu, ndipo ena amayenda khomo ndi khomo kufunafuna okalamba amene miyendo inaleka kuwafikitsa kutali.

Ife a tsamba lino sitikudana ndi alendo amenewa. Cimene tikunena n'cakuti munthu amene wapimidwa maso pakhomo pake ndi kuitanitsa magalasi tsiku lomwelo ayenela kupatsidwa masiku oganizila, ndipo akasintha maganizo m'masiku amenewo abwezeledwe ndalama zake zonse. Ufulu umenewu ulembedwe papepala ndalama isanacoke m'manja. Ndipo poti aphungu athu amatenga nthawi kukonza malamulo, mipingo, anyakwawa ndi makopaletivu ndiwo ayambe kuumilila zimenezi caka cino.

Tiyambe ndi kuvomeleza kuti magalasi ndi cinthu cofunika. Munthu akafika zaka 40 kapena kupitililapo, diso limayamba kulephela kuona bwino zinthu zapafupi. Si matenda, ndi ukalamba wa diso, ndipo umafikila aliyense. Katekisti amayamba kutalikitsa buku powelenga Mau a Mulungu. Mai wa Cigwilizano amalephela kulowetsa ulusi pa singano. Mlimi samatha kuwelenga muyeso wolembedwa pabotolo la mankhwala a thonje, ndipo amathila mongoyelekeza. Wina amapatsa mwana wa mnansi foni kuti amuwelengele uthenga wa ndalama, mpaka nambala yacinsinsi imadziwika mudzi wonse.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2019 kuti anthu osacepela 2.2 biliyoni ali ndi vuto la kuona, ndipo mwa iwo osacepela 1 biliyoni ali ndi vuto limene likanapewedwa kapena limene silinathandizidwe. Ambili a iwo akungofunika magalasi. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2018, wocitika pakati pa anthu othyola tiyi ku Assam m'dziko la India, anapeza kuti amene anapatsidwa magalasi oonela pafupi anathyola tiyi woculuka ndi pafupifupi magawo 22 pa 100 alionse kuposa anzao amene analibe. Magalasi ali ngati khasu: ndi cida ca nchito. Munthu amene amawabweletsa kumudzi moona mtima akucita zabwino, makamaka kwa agogo a kucigwa kwa Mfumu Luembe, Mwape kapena Nyalugwe, amene ulendo wopita ku boma umawadyela tsiku lathunthu ndi ndalama zoyendela za anthu awili, poti sangayende okha.

Nanga vuto lili pati? Vuto lili pa kusiyana kwa kugula m'sitolo ndi kugula pakhomo. Munthu akapita yekha ku sitolo amakhala atakonzeka. Amafunsa mtengo, amalowa sitolo ina, ndipo akaona kuti n'zodula amatuluka osapepesa aliyense. Pakhomo zinthu zimatembenuka. Wogulitsa ndi mlendo, ndipo mwambo wathu sulola kucititsa mlendo manyazi. Wapatsidwa mpando, wamwa madzi, wakhala theka la ola akupima maso a agogo mosalipilitsa. Akatsegula cikwama ca mafelemu, mwini nyumba amamva ngati ali kale ndi ngongole. Kunena kuti iyai kumamulemela pakamwa.

Pamwamba pa manyazi pamabwela mantha. Munthu akauzidwa ndi wovala khoti loyela kuti akacedwa adzakhala wakhungu, sangatsutse, cifukwa alibe njila yodziwila ngati n'zoona. Pamwamba pa mantha pamabwela cangu: mtengo uwu ndi wa lelo lokha, mawa tili ku Sinda. Ana amene akanathandiza kuganiza ali kudimba, ku Lusaka kapena ku migodi. Ndipo tisaiwale cinthu cimodzi cimene cimasiyanitsa malonda awa ndi ena onse: wogulayo ndi munthu amene sakuona bwino. Pepala limene akusainila sangaliwelenge. Zilembo zing'onozing'ono za pansi pa lisiti, zonena kuti ndalama yolipilidwa sibwezedwa, adzaziwelenga magalasi atabwela, ngati adzabwela.

Tiwelengele pamodzi. Mu 2024 bungwe la Food Reserve Agency linagula thumba la cimanga la 50 kg pa K330. Tinene mongoyelekeza kuti agogo auzidwa kuti magalasi ndi K990. Amenewo ndi matumba atatu, m'caka cimene cilala cinapha minda mpaka boma kulengeza tsoka la dziko mu February. Banja limene lingakambilane masiku angapo lisanagulitse mbuzi imodzi lisakakamizidwe kutulutsa matumba atatu m'mphindi makumi awili cabe.

Maiko ena anaona vutoli kale. Ku America lamulo la boma limapatsa munthu wogula pakhomo masiku atatu a nchito kuti asinthe maganizo. Ku South Africa, lamulo la Consumer Protection Act la 2008, limene linayamba kugwila nchito mu 2011, limapeleka masiku asanu a nchito kwa munthu amene wagula katundu cifukwa wogulitsa anacita kumufikila yekha. Ku Britain malamulo a 2008 anapeleka masiku 7, ndipo malamulo a 2013, amene anayamba kugwila nchito mu June 2014, anawonjeza kufika pa masiku 14. Kumeneko wogulitsa akapanda kuuza wogula za ufulu umenewu, nthawi yosinthila maganizo imatalika mpaka caka cathunthu. Wogula safunika kupeleka cifukwa. Nzelu yake ndi yomwe tafotokoza: munthu wofikilidwa pakhomo amavomela zimene sakanavomela pamsika.

Koma pali mbuna imene tiyenela kuiona. Malamulo a ku Britain omwewo amapatula katundu wopangidwa mwapadela motsata muyeso wa munthu mmodzi. Magalasi odulidwa motsata muyeso wa maso a munthu ndi katundu wa mtundu umenewo. Pamenepa wogulitsa ali ndi mfundo yomveka. Galasi lodulidwila diso la a Phiri silingagulitsidwe kwa a Tembo. Likabwezedwa ndiye kuti lapita kudzala, ndipo wataya ndalama ndi amene anawotcha mafuta kucoka ku Lusaka kapena ku Chipata.

Ife tikuona kuti yankho lili pa nthawi. Magalasi a muyeso sadulidwila pansi pa mtengo wa mango. Oda imapita kutauni kumene kuli makina, ndipo wogula amauzidwa kuti adikile. Pakati pa tsiku lolipila ndi tsiku lodula galasi pali mpata, ndipo mpata umenewo ndiwo uyenela kukhala wa wogula. Galasi lisanadulidwe palibe cimene catayika. Felemu ikadali yatsopano ndipo ingagulitsidwe kwa wina. Cotelo tikuti masiku 7 apite galasi lisanakhudzidwe. Wogula akatsimikiza pafoni kapena kudzela mwa mlembi wa mpingo, nchito iyambe. Akakana, ndalama ibwele yonse. Amene akufuna magalasi ake mwamsanga anene yekha ndipo alembe kuti wasiya ufulu wake akudziwa, pamaso pa mboni. Wogulitsa woona mtima sataya kanthu pa dongosolo lotele, koma amapindula ndi dzina labwino. Amene angadandaule ndi yekhayo amene malonda ake amadalila kuti wogula asagonepo tulo. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano tione zimene lamulo lathu limanena, cifukwa alimi ambili amaganiza kuti alibe pothawila. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Competition and Consumer Protection Act, lamulo nambala 24 la caka cimeneco, ndipo bungwe loliyang'anila ndi Competition and Consumer Protection Commission, imene ambili amaidziwa kuti CCPC. Gawo 47 limaletsa wamalonda kunama za katundu kapena nchito yake. Gawo 48 limaletsa kuika cikwangwani cokana udindo kapena colanda wogula ufulu wake, monga zija zolembedwa kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Gawo 49 limaletsa kugulitsa katundu woonongeka kapena wosagwila nchito imene anagulidwila, ndipo limafunanso kuti nchito icitidwe mosamala, mwaluso ndi m'nthawi yoyenela. Wolakwa angalamulidwe kubweza ndalama, kusintha katundu kapena kubweleza nchito. Gawo 53 limati mfundo ya m'pangano imene ipondeleza wogula simumanga.

Tanthauzo lake kwa mlimi wa kwa Nyamphande kapena kwa Ndake n'lakuti magalasi amene sakuonetsa ndi katundu wosagwila nchito yake, ngakhale anapangidwila iye yekha. Magalasi amene analipilidwa mu July koma mpaka mvula yagwa sanafike ndi nchito yosacitika m'nthawi yake. Munthu amene ananena kuti magalasi adzacotsa ng'ala ananama. Pa zonsezi mau olembedwa pansi pa lisiti sangafafanize ufulu umene Nyumba ya Malamulo inapeleka.

Pamene lamulo la 2010 linasiya mpata ndi pa munthu amene magalasi ake alibe vuto lililonse, mwina sanadulidwe n'komwe, koma iye wadzuka m'mawa mwake n'kuzindikila kuti anavomela cifukwa ca manyazi ndi mantha, ndipo ndalama ija inali ya feteleza. Lamulolo monga linalembedwela caka cimeneco silinaike masiku osinthila maganizo kwa wogula pakhomo ngati mmene anacitila anzathu a ku South Africa. Tikupempha aphungu a ku Petauke ndi ku Nyimba, pamodzi ndi Unduna wa Zamalonda, kuti aonetsetse kuti ufulu umenewu walembedwa poyela, m'mau amene nyakwawa angathe kufotokozela anthu ake, ndipo uchule mwacindunji katundu wa zaumoyo monga magalasi ndi zothandizila kumva. Asakopele cabe malamulo a ku Britain pamodzi ndi mbuna yake. Alembe kuti katundu wa muyeso asayambe kupangidwa masiku oganizila asanathe, pokhapokha wogula atapempha yekha.

Palinso cina cimene tikufuna, ndico pepala la muyeso wa maso. Munthu akapimidwa, zotsatila zake zimalembedwa m'manambala, diso lamanja palokha ndi lamanzele palokha. Pepala limeneli ndi la wopimidwa. Ku America lamulo linayamba mu 1978 kukakamiza opima maso kupeleka pepalali kwa mwini wake, agule magalasi pamenepo kapena asagule, ndipo ku Britain nakonso wopimidwa amapatsidwa zotsatila zake zolembedwa. Munthu amene ali ndi pepalali angapite nalo kwina kukafunsa mtengo. Angapite nalo kucipatala kuti akaone ngati muyeso uli woona. Magalasi akabwela olakwika, pepalalo ndilo mboni. Wopima amene akukana kulipeleka, kapena amene akuti limapelekedwa kwa ogula okha, akuonetsa poyela kuti kupima kuja inali nyambo.

Masiku oganizila ali ndi phindu lina loposa ndalama: amapatsa munthu mpata wofika kucipatala. Si vuto lililonse la maso limene limatha ndi magalasi. Ng'ala, imene imacititsa khungu okalamba ambili, imatha ndi opaleshoni, ndipo palibe galasi limene lingaisungunule. Matenda a glaucoma amaononga mtsempha wa diso mwakacetecete, kawilikawili popanda kupweteka, ndipo kuona kumene kwatayika sikubwelelanso. Munthu amene wagula magalasi n'kumadziona ngati wathandizidwa angataye miyezi imene ikanapulumutsa maso ake. Odwala matenda a shuga nao asamale, cifukwa shuga akakwela muyeso wa maso umasintha, ndipo magalasi opimidwa tsiku limenelo angakhale opanda nchito shuga akatsika. Ana asukulu amafunika kupimidwa mosamala ndi munthu wophunzila, osati kuvekedwa magalasi a m'cikwama. Ndipo mankhwala odonthezela m'maso asagulidwe kwa munthu wongodutsa, pakuti ena a iwo akagwilitsidwa nchito nthawi yaitali amakweza mphamvu ya madzi a m'diso mpaka kuliononga.

Njila yoyambila ilipo. Kiliniki yapafupi ingatumize wodwala ku cipatala ca boma ca Nyimba kapena ca Petauke, ku Kalindawalo General Hospital kapena ku cipatala ca mishoni ca Minga, ndipo kucokela kumeneko ovutika kwambili amatumizidwa patsogolo. Cipatala ca Mwami pafupi ndi Chipata cadziwika kwa zaka zambili pa nkhani ya maso. Tikudziwa kuti ulendo ndi wautali ndipo mizele ndi yotopetsa. N'cifukwa cake sitikuuza anthu kuti athamangitse opima maso oyendayenda. Tikungoti asamalize malonda tsiku limodzi.

Tiwonjezepo cinsinsi cimodzi cimene wogulitsa wadyela sangakuuzeni. Okalamba ambili amene vuto lao ndi kuwelenga cabe, ndipo maso onse awili ali ndi muyeso wofanana, amathandizidwa ndi magalasi opangilatu, aja olembedwa +1.00, +2.00 kapena +3.00 pambali. Amenewa ndi ochipa kwambili poyelekeza ndi a muyeso, ndipo munthu amawayesa pomwepo ndi Baibulo kapena singano m'manja. Si onse amene angawagwilitse nchito, koma wopima woona mtima amayamba wanena ngati angakukwanileni. Zoonjezela monga galasi losintha mtundu padzuwa kapena felemu yonyezimila ndi zosankha, si mankhwala. Funsani mtengo wa cimodzicimodzi paceke. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyelele.

Tsopano tilankhule ndi mipingo, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Opima maso ambili amalowa m'mudzi kudzela pa cilengezo ca Lamulungu. Mlembi akaimilila pambuyo pa mapemphelo n'kunena kuti Lacitatu kubwela madokotala a maso, Akhristu amamva kuti mpingo wawafufuza ndipo wawavomeleza. Agogo amene sakanatsegulila mlendo citseko amamasula cikwama cifukwa dzina lamveka paguwa. Mpingo ukabweleketsa khonde lake umabweleketsanso dzina lake. Zinthu zikalakwika, mlendo amakhala atafika kale ku Luangwa Bridge, ndipo amene amatsala ndi manyazi ndi abambo mfumu, abusa, akatekisti ndi akulu a mpingo.

Tikupempha tsono makomiti a mapalishi, mabwalo a akulu a mpingo, magulu a Cilungamo ndi Mtendele ndi atsogoleli a miphakati kuti asalengeze wopima maso aliyense asanaonetse zinthu izi. Coyamba, cikalata ca caka cino ca Health Professions Council of Zambia, bungwe limene limalemba ndi kuyang'anila anchito a zaumoyo, kuphatikizapo opima maso. Dzina la pacikalata lifanane ndi la pa citupa ca NRC ca munthu amene adzapimadi anthu, osati la bwana wake wotsala kutauni. Dziko lathu limaphunzitsa lokha opima maso ku Chainama mu Lusaka, kotelo palibe cifukwa colandilila munthu wopanda pepala. Caciwili, kalata yoonetsa kuti ofesi ya zaumoyo ya boma la Petauke kapena la Nyimba ikudziwa za ulendowo. Cacitatu, keyala yeniyeni ya malo amene bizinesi yao ili, osati nambala ya foni yokha, pakuti foni imazima.

Cacinai, avomeleze polemba kuti aliyense wopimidwa adzapatsidwa pepala la muyeso wake. Cacisanu, avomeleze masiku 7 oganizila ndi kubweza ndalama yonse kwa wosintha maganizo. Cacisanu ndi cimodzi, dipoziti ikhale gawo locepa la mtengo, ndipo yotsala ilipilidwe magalasi atafika ndi kuyesedwa. Cacisanu ndi ciwili, alembe tsiku limene adzabwelele kudzapeleka magalasi ndi tsiku lina lodzamva madandaulo. Mlembi wa mpingo asunge buku la maina a onse amene alipila, ndalama zimene apeleka ndi tsiku lolonjezedwa. Pepala limodzi la pangano lisainidwe ndi wogulitsa, wapampando wa mpingo ndi nyakwawa. Zonsezi sizifuna loya kapena ndalama. Zifuna bolopeni ndi kulimba mtima pang'ono.

Tinenenso mosapita m'mbali kuti mtsogoleli wa mpingo, wa kopaletivu kapena wa mudzi amene amalandila magalasi aulele kapena kangacepe kuti alengeze malonda otele wagulitsa nkhosa zimene anapatsidwa kuti awete. Ngati wogulitsa akufuna kuthokoza mpingo, acite poyela pamaso pa komiti, ndipo mphatsoyo ipite kwa osauka amene sangathe kugula.

Kwa mafumu athu, kuyambila kwa Senior Chief Kalindawalo mpaka kwa anyakwawa a midzi ing'onoing'ono, pempho lathu ndi lakuti mwambo wakale woti mlendo ayambe waonekela kwa mwini mudzi ugwilitsidwe nchito pa nkhani iyi. Amene akuyenda khomo ndi khomo ndiye ofunika kuwayang'anitsitsa kuposa a pachalichi, cifukwa amapeza agogo ali okha. Lamulo la mudzi likhale lakuti wokalamba asapimidwe kapena kulipilitsidwa popanda wacibale kapena membala wa komiti ya zaumoyo ya m'delalo. Masiku amene okalamba amalandila ndalama za Social Cash Transfer amadziwika, ndipo amalonda nao amawadziwa.

Kwa inu alimi ndi Akhristu anzathu, malangizo athu ndi apafupi. Musalipile popanda lisiti yokhala ndi dzina la bizinesi, tsiku, mtengo wonse, ndalama imene mwapeleka ndi tsiku lolandila magalasi. Wina amene amaona bwino akuwelengeleni mokweza zonse zolembedwa musanasaine kapena kudinda cala. Mukalipila ndi Airtel Money kapena MTN, musafafanize uthenga, ndipo onani ngati dzina lotuluka pafoni likugwilizana ndi la wogulitsa. Mukafuna kusintha maganizo musangoimba foni. Tumizani uthenga wolemba umene udzasungika ndi tsiku lake, ndipo uzani mlembi wa mpingo tsiku lomwelo. Magalasi akafika, ayeseni wogulitsa ali pomwepo: welengani, yang'anani patali, yendani nao pabwalo. Magalasi atsopano angakuzunguzeni masiku angapo oyambilila, koma ngati patapita milungu iwili mutu ukupwetekabe, pansi pakuoneka potsetseleka kapena zinthu zikuoneka ziwiliziwili, musapilile. Abwezeni kuti akupimeninso. Kufunsa si kunyoza mlendo. Safunsa anadya phula.

Mukalakwilidwa musangodandaulila pa mtondo kapena pa cigayo. Tengani lisiti ndi uthenga wa pafoni mupite nazo ku CCPC, imene ili ndi ofesi ku Chipata. Ngati wopimayo analibe cikalata, dziwitsani ofesi ya zaumoyo ya boma lanu ndi Health Professions Council. Ngati anatenga ndalama n'kusowa, imeneyo ndi nkhani ya apolisi. Anthu khumi a palishi imodzi akalemba dandaulo limodzi, mau ao amalemela kuposa a munthu mmodzi, ndipo ndalama zoyendela zimacepa.

A CCPC nao tikuwakumbutsa kuti kucoka ku Nyimba kufika ku Chipata ndi ulendo wa makilomita oposa 200, ndipo mlimi sangaononge ndalama zoyendela zofanana ndi zimene akufuna kubwezeledwa. Tsiku la ufulu wa ogula la pa 15 March lisamathele m'matauni akuluakulu. Abwele m'nyengo yogulitsa mbeu, pamene ndalama zili m'midzi, alankhule pa mawailesi a m'madela athu m'Cinsenga ndi m'Cinyanja, ndipo agwilizane ndi makhonsolo kuti madandaulo azilandilidwa pa boma pomwepa. Unduna wa Zaumoyo nao ukumbukile kuti mu 2021 maiko a m'bungwe la WHO anagwilizana zowonjeza kwambili ciwelengelo ca anthu opeza magalasi oyenela pofika 2030. Magalasi olakwika ogona m'sutukesi sawelengedwa pa lonjezo limenelo. Njila yotsimikizika yocepetsela amalonda acinyengo ndi kuculukitsa maulendo a opima maso a boma ndi a mishoni, makamaka m'mwezi wa October pamene dziko lonse limakumbukila tsiku la maso pa Lacinai laciwili.

Kwa ogulitsa magalasi amene amagwila nchito yao mwacilungamo, ndipo tikhulupilila kuti alipo, tikuti musadikile lamulo. Sindikizani masiku oganizila pa lisiti yanu m'zilembo zazikulu ndi m'cilankhulo cimene anthu amamva. Mudzi umene wakukhulupililani caka cino udzakuitanani okha caka camawa, ndipo mbili yabwino imayenda pa Great East Road mofulumila kuposa basi.

Maso ndi amodzi, ndipo ndalama ya mlimi imabwela kamodzi pacaka. Zonse ziwili siziyenela kusankhidwila mothamanga pamaso pa mlendo amene injini ya galimoto yake ikulila kale. Tikuyembekeza kuti pa msonkhano wotsatila wa komiti ya palishi, wa akulu a mpingo ndi wa kopaletivu, nkhaniyi idzakhala pa mndandanda wa zokambilana, ndipo pepala la pangano lidzakhala litakonzedwa mlendo wina asanagogode.